Zomwe Ndidaulula ku Posito Titabwera ndi Chikho

Abusa, akulu a mpingo, amayi, abambo, ndi inu achinyamata mwadzaza kumbuyoko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu.

Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndinenepo poyamba pomwe kuti umboni wangawu si wokoma m'makutu. Ena mukamva mufuna kutuluka. Chonde pirirani mpaka nditsirize. Ndasenza nkhaniyi zaka zisanu, ndipo ndikapanda kuitula lero sindidzaitulanso.

Mukundidziwa nonse. Ndine uja ndimasoka zovala pakhonde la kantina, panjira yopita ku Lifidzi. Achikulire mukukumbuka kuti ndidakhalitsa ku Halale, ndikugwira ntchito kwa mmwenye wina wosoka. Ndidabwerako ndi zinthu ziwiri: makina osokera, ndi luso lowerenga nyimbo papepala, do-re-mi uja. Nditafika kuno ndidasonkhanitsa ana a mumpingo muno, makumi awiri ndi awiri, ndi kuyambitsa kwaya. Tinkaphunzira Lachitatu ndi Loweruka masana, kuseri kwa tchalitchi chakale chija chaudzu, pansi pa mapichesi. Ena mwa inu mwakhala apa ndi makanda kumsana mudali m'kwaya imeneyo. Mukukumbuka kandodo kanga. Mwana akaphonya mawu, kankamupeza pamutu. Ndinkanena kuti ndikuchitira Mulungu. Ayi abale, lidali bodza. Ndinkafuna kuti anthu azinena kuti kumapiri kuno kuli mphunzitsi wa nyimbo.

M'kwayamo mudali mwana wina, Lusiya, mwana wa aMbewe ndi aNaphiri. Adali ndi zaka khumi ndi ziwiri, wowonda, wamanyazi, wosayang'ana munthu kumaso. Koma akatsegula pakamwa, amayi opita kudambo ankatula ndowa pansi. Ine ndayenda, ndamva makwaya a m'tauni, koma mawu ngati amenewo sindidawamvepo.

Nthawi imeneyo nkhondo idali itayamba kumveka m'chigawo chathu chino. Bambo ake a Lusiya adali atathawira ku Malawi. Wina adakawanenera kwa azungu kuti adapatsa ufa anyamata a m'tchire, ndiye adawoloka malire asadagwidwe. ANaphiri adatsala okha ndi ana atatu: Lusiya, mng'ono wake, ndi khanda lapabere, dzina lake Tomasi.

Tsono chaka chimenecho, titakolola nyemba, kudabwera kalata kwa abusa athu akale aja, omwe adatisiya. Kalatayo inkati kumishoni ina kuseri kwa Dedza kukhala mpikisano wa makwaya a ana. Kubwera ana a ku Malawi konko, a ku Zambia, a ku Rhodesia, ndipo kwa nthawi yoyamba aitananso ife a ku Mozambique. Abusa atandiwerengera adapinda kalata ija n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tiwayankhe kuti tathokoza koma sitibwera. Nthawi si yabwino. Azungu amatiyang'ana kale ndi diso loipa ife a mpingo uno chifukwa cha ubale wathu ndi a kutsidyako."

Ine ndidakwiya. Ndidati, "Abusa, ana a Mulungu alephere kuimba chifukwa cha mantha? Za giya ndisiyireni, ndikatenga ndine."

Achinyamata, giya ndi chikalata chija tinkapempha kwa azungu kuti tiyende ulendo. Popanda icho sukadakwera galimoto ndi ana a eni mpaka kumalire.

Ndidapita ku posito, ofesi ya boma la azungu ija, katatu. Kawiri konse ndidangokhala padzuwa tsiku lathunthu n'kubwerera. Kachitatu shefi, mkulu wa posito uja, adandilowetsa. Adali mzungu waulemu pakamwa, wosakalipa. Adawerenga mayina a ana onse, n'kunena kuti, "Chabwino, pitani. Koma ana makumi awiri ndi awiri apita, makumi awiri ndi awiri abwere. Ndipo ukabwerako udzabwere kuno, udzandiuze anthu athu amene wawaona kumeneko."

Abale, sadandinamize. Adanena poyera, ndipo ndidamva bwinobwino. Maso anga adali pa chidindo chidali m'dzanja lakelo. Mumtima ndidati, aa, ndikadzabwera ndidzangoti sindidaone munthu. Ndidayankha m'chinenero chawo kuti, "Siim, sinyoro," ndiye kuti inde bwana. Chidindo chija phaa! Ndidatuluka ndikumwetulira. Sindidauze abusa, sindidauze akulu a mpingo, ngakhale mayi a kunyumba kwanga sindidawauze za pangano limenelo.

ANaphiri adakana kuti Lusiya apite. Ndidapitako kawiri. Adati, "Aphunzitsi, nyumba ino ili kale pamaso pa anthu. Mwana wanga akawoloka malire, anena kuti ndamutuma kwa bambo ake."

Ine ndidati, "Mayi, popanda Lusiya kwaya palibe. Giya ndili nayo, dzina lake lilimo, shefi mwini wake wadinda. Mwanayu ndikamusunga ngati wanga."

Adayang'ana Tomasi ali pabere. Kenako adati, "Ngati mwatero inu, aphunzitsi, apite." Patapita masiku awiri adabwera pakhonde panga ndi nsalu yakhaki. Adayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti, "Mundisokereko malaya aamuna. Msinkhu wake mukuudziwa." Ndinkaudziwadi, pakuti aMbewe ndinkawasokera kuyambira kale. Ndidasoka malaya aja ndi manja angawa, ndipo Lusiya adawakulunga m'kathumba kake pamodzi ndi nyemba pang'ono. Mayi ameneyu adandikhulupirira. Mumve bwino pamenepo. Adandikhulupirira.

Tidanyamuka m'mawa kukuzizira, nkhungu ili mbuu, pa kamiyau, lole yonyamula mbatata ya kachewere. Ana adakhala pamwamba pa matumba, atavala yunifolomu yobiriwira yomwe ndidawasokera, onse opanda nsapato. Pamalire pa Kalomwe asilikali adawawerenga mmodzimmodzi ngati mbuzi, n'kutilola kudutsa.

Kumishoni kuja tidapeza anthu ngati nyerere. Ana a ku Rhodesia adali ndi nsapato zakuda ndi masokosi oyera mpaka m'maondo. A ku Zambia adabwera ndi ng'oma zawo ndi zisekese. A ku Malawi adali makwaya ambirimbiri, ena ochokera kutali kumpoto, oimba chinenero chomwe ana athu sankachimva. Ife titatsika pa kamiyau, fumbi la kachewere lili m'mutu, ana ena adatiseka. "Taonani Apwitikizi afika!" Ana anga adaunjikana pamodzi ngati anapiye. Ine mtima udatentha. Ndidawauza kuti, "Asekeni aseke. Mawa atidziwa."

Mawa lake oweruza atatu adakhala patebulo kutsogolo, mapepala ali m'manja. Makwaya adaimba kuyambira m'mawa. Ife tidaitanidwa dzuwa litapendeka. Tidaimba nyimbo yomwe ndidapeka ndekha, yonena za mwana wofunsa mbalame ngati zaona kumene kudapita atate ake. Ndidaipeka ngati nyimbo ya munthu wofunafuna Mulungu. Sindidaganize n'komwe kuti ndikuiika m'kamwa mwa mwana wanji.

Titafika pamene Lusiya amaimba yekha, ndidaona maso ake achoka pa dzanja langa. Adayang'ana kumbuyo kwenikweni, pakhomo. Mawu ake adanjenjemera, ndipo ndidati basi, taluza. Ndidacheuka pang'ono. Pakhomopo padaima munthu wovala chijasi chong'ambika, chipewa chili m'manja. Adali aMbewe. Adamva kuti kukubwera ana a kwawo, ndiye adayenda pansi kudzaona ngati mwana wawo alipo.

Abale, mwana uja adakoka mpweya, n'kuimba. Sadaimbire oweruza, sadaimbire ine. Misozi ili chuchuchu, koma mawu osagwedezeka ngakhale pang'ono. M'nyumba monsemo mudati zii. Atatsiriza padapita kanthawi anthu asadawombe m'manja. Mayi wina wa ku Zambia adadzuka n'kudzamufunditsa nsalu yake.

Chikho tidatenga ndife. Ana opanda nsapato aja. Ndidachinyamula m'mwamba, ndipo ndidamva ngati dziko lonse landigwadira.

Kunja aMbewe adandigwira dzanja ndi manja awiri. Lusiya adali atawapatsa malaya aja, ndipo adali atawavala kale pansi pa chijasi. Adati, "Aphunzitsi, mwandionetsa mwana wanga. Ndilibe choti ndingakupatseni." Tidakhala pamwala, Lusiya atatsamira paphewa pawo. Poti ankandiyesa mbale, adandiuza zonse. Adati akulima kwa munthu wina pafupi ndi malire, ndipo tsiku la msika, anthu akachuluka m'njira, amawoloka n'kukumana ndi akazi awo kudimba la achemwali awo a aNaphiri, kuseri kwa phiri. Sindidawafunse. Adangondiuza, monga munthu amauzira mnzake.

Pokwera kamiyau, Lusiya adagwira chijasi cha bambo ake. Adati, "Aphunzitsi, ndisiyeni nditsale ndi atate." Ndidamuuza kuti sizingatheke, mayina ali pa giya. Bambo ake adamumasula zala okha n'kumuuza kuti, "Pita mwanawe, tisawaike aphunzitsi m'mavuto." Mwamva? Iwo ankaopa kundiika ine m'mavuto.

Mukukumbuka momwe mudatilandirira kuno. Nthungululu kuyambira pamsewu mpaka patchalitchi. Mudandinyamula pamapewa. Masiku atatu ndidayenda ngati mfumu. Tsiku lachinayi m'mawa, ndili pamakina, padafika sipayo, wapolisi wa azungu uja, panjinga. "Akukufunani ku posito. Mutenge ndi chikho, shefi akufuna achione."

Shefi adachitembenuza chikho chija, n'kuchiyamikira. Pambali pake padakhala mzungu wina wachilendo, wosavala yunifolomu, wolankhula Chinyanja ngati wobadwira kuno. Ameneyo ndiye adafunsa. "Tiuze, udaona ndani?"

Ndidati, "Anthu adali ambiri, bwana. Ine maso adali pa ana."

Adaseka. Adati, "Mbewe udakhala naye pamwala. Ife tili ndi maso kumeneko. Tikungofuna tione ngati ndiwe munthu woona."

Tsono pano ndipamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa zaka zonsezi ndakhala ndikudzinamiza kuti adandikakamiza. Abale, sadandimenye. Mbalamatodya, chithabwa chija ankamenyera anthu m'manja, chidali patebulo, koma palibe adachigwira. Mzungu uja adangoyang'ana manja anga n'kunena kuti, "Zala zabwino. Wosoka amadya ndi zala, eti?" Kenako adati tchalitchi chathu akhoza kuchitseka mawa lomwe, chifukwa mphunzitsi wake amanyamula mauthenga a zigawenga.

Basi. Zidangokwana zimenezo. Pakamwa panga padatseguka. Zoti ndidakhala ndi aMbewe ankazidziwa kale, ndikadavomera zokhazo n'kulekera pomwepo. Koma ndidapitiriza. Ndidanena za malaya, ndi amene adandituma kusoka. Ndidanena za tsiku la msika. Ndidanena za dimba la kuseri kwa phiri. Zimenezi sankazidziwa, ndidaona m'mene adayang'anirana. Adandibwezera chikho changa, n'kundigwira chanza. Ndidatuluka zala zanga zonse zili bwinobwino.

Ndikadatha kuthamanga tsiku lomwelo kukawachenjeza aNaphiri. Kuchokera pakantina kufika kwawo, fodya mmodzi sangathe. Masiku adalipo asanu msika usadafike. Tsiku lililonse ndinkati ndipita madzulo, madzulo akafika ndinkati mawa. Ndinkaopa kuti akandifunsa kuti ndadziwa bwanji, ndiyankha chiyani? Ndinkaopanso kuti azungu akapeza dimba lopanda munthu, adziwa kuti ndawachenjeza ndine. Sindidapite.

Tsiku la msika asilikali adabisala m'mabango. AMbewe adawaona mochedwa, adathawa, chipolopolo chidawapeza m'mwendo koma adakwawa mpaka kuwoloka. ANaphiri adagwidwa pomwepo. Tomasi asilikaliwo adamuchotsa kumsana n'kumusiya pamzere wa kabichi. Adamutola ndi achemwali awo.

Miyezi inayi aNaphiri adali m'kalaboso, ndende ya azungu ija. Mwana wapabere sadziwa phala la eni. Adatsegula m'mimba, adafooka, ndipo mwezi wachiwiri usadathe tidamuika m'manda. Ine ndemwe ndidatsogolera nyimbo pamaliropo. Amayi, musalire kaye, sindidatsirize.

ANaphiri adatuluka manja atapindika, osatha kugwira khasu bwino, khutu limodzi litagontha. Mudzi wonse unkafunsa kuti adaulula ndani. Mudaloza uyu, mudaloza uyo. Alipo anthu muno amene adasiya kupatsidwa moni chifukwa cha nkhani imeneyi, osalakwa. Ine ndidali chete. Palibe adandiganizira, pakuti ndidali mphunzitsi wobweretsa chikho.

Nthawi yomwe mayiwo adali m'kalaboso ndinkatumiza chimanga kwa ana awo, kuti mtima wanga upoleko. Atatuluka adabwera pakhonde panga, adagwada, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ndamva kuti mudadyetsa ana anga. Mulungu akudalitseni." Abale, mbalamatodya ikadakhala bwino. Ndidayankha kuti, "Musathokoze, mayi, ndi udindo wathu."

Koma choipa kuposa zonse ndi ichi. Lusiya sadabwerenso kukwaya. Tsiku lina ndidakumana naye panjira atasenza nkhuni, ndidamufunsa chifukwa chake. Adati, "Aphunzitsi, amayi adakana kuti ndipite. Ine ndidalira mpaka adalola. Ndikadapanda kupita kukaimba, sakadationa ndi atate, amayi sakadagwidwa, Tomasi akadakhala moyo. Ndidamupha ndine." Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri! Ndipo ine, munthu wamkulu, wodziwa choonadi, ndidangoti, "Usamaganize choncho, mwanawe, zonse ndi chifuniro cha Mulungu." Ndidamusiya apite ndi katundu wanga pamutu pake. Ndidaikanso dzina la Mulungu pamwamba kuti katunduyo amangike bwino.

Kwaya idatha chaka chomwecho. Ndidakuuzani kuti ndili ndi chifuwa. Ku mgonero ndidasiya kubwera, ndipo akulu a mpingo atandiyendera ndidati ndikudwala m'mimba. Kudwalako kudali koona. Chakudya chinkandikana, ndidaonda mpaka ndidabweza mathalauza anga onse m'chiuno. Kuchipatala ku Ulongwe adandipima n'kunena kuti sakuona matenda. Ndidayamba kachasu, mukudziwa, ena mudanditolapo m'ngalande. Kupemphera ndinkayesa, koma ndikati "Atate," mawu ankathera pakhosi. Mayi a kunyumba ankandifunsa kuti, "Bambo, chikukudyani n'chiyani?" Ndinkawakalipira. Zaka zisanu, abale.

Chaka chathachi zinthu zidatembenuka. Mfuti zidaleka, azungu adayamba kumanga katundu, othawa adayamba kubwerera. AMbewe nawo adabwera, akutsimphina. Ndipo mukudziwa misonkhano ikuchitika m'midzi masiku ano, momwe akuimiritsira anthu amene ankadya ndi azungu. Mantha anga adawirikiza. Mzungu wa Chinyanja uja adapita kwawo, shefi adapita. Ndidati basi, odziwa apita, ndikangotseka pakamwa ndifa nacho.

Koma Mulungu sadapite ndi azungu.

Mwezi wathawu aMbewe adabwera pakhonde panga ndi Lusiya, tsopano ndi namwali wamkulu. Adati, "Aphunzitsi, mwana wanu uja wapeza banja. Diresi la ukwati sitingapereke kwa wina." Adamusiya kuti ndimuyeze, iwo n'kulowa m'kantina. Ndili kuyeza, ndidati ndiseke naye. Ndidati, "Ukondwere, posachedwa tidzakuona ndi mwana kumsana." Iye osaseka. Adayang'ana pansi n'kunena motsitsa kuti, "Ndikuopa, aphunzitsi. Munthu amene adaphetsa mlongo wake, Mulungu angamupatse mwana? Akandipatsa, sadzandilanda?"

Tepi idagwa m'manja mwanga. Ndidaona kuti bodza langa silidathere pa Tomasi. Likulowa m'banja latsopano, likudikira ana amene sadabadwe. Ndidatseka makina dzuwa lili pamutu, ndidapita kumunda kwanga, ndidagwa m'mapesi chafufumimba. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu pemphero lidatuluka. Silidali lalitali. Ndidangoti, "Ambuye, ndine. Ndidachita ndine." Ndidalira ngati mwana.

Ndidauza mayi a kunyumba. Adakhala pansi, kenako adati, "Tiyeni kwa abusa." Abusa athu ali apawa adandimvetsera mpaka kumapeto. Sadandinyengerere. Adati, "Mulungu wamva, koma amene mudawalakwira sadamve. Pitani. Mukudziwa kuti akhoza kukutengerani kumsonkhano?" Ndidati ndikudziwa. Adati, "Pitanibe."

Ndidawapeza onse atatu pabwalo akusola nyemba. Adandipatsa mpando, ndidakana, ndidagwada padothi. Ndidanena zonse: giya, pangano, malaya, dimba, masiku asanu aja. Ndidalankhula motsitsa chifukwa cha manyazi. Nditatsiriza, aNaphiri adatembenuza khutu lawo labwino lija n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani aphunzitsi? Sindidamve."

Abale, ndidayenera kunenanso kachiwiri. Mokweza. Kufuula tchimo langa m'khutu la munthu amene ndidamugonthetsa ndine.

AMbewe adadzuka. Adatola mpini udali pafupi, ndipo ndidaweramitsa mutu kudikira. Adaima pamenepo akupuma ngati ng'ombe, kenako adauponya kutali n'kutuluka pabwalo. ANaphiri adangoti, "Inu? Inu aphunzitsi? Ndidakugwadirani ine." Lusiya sadalire. Adandiyang'ana m'maso, mwana amene sankayang'ana munthu kumaso, n'kunena kuti, "Zaka zisanu. Mumandiona ndikudutsa pakantina tsiku ndi tsiku. Ndidakuuzani ndi pakamwa panga kuti ndidapha Tomasi, inu n'kundisiya."

Mawa lake adatuma munthu kudzatenga nsalu ya diresi. Adakasoketsa kwina, ndipo adachita bwino.

Masabata atatu ndidadikira kuti anditenge. Munthu aliyense wobwera panjira ndinkati ndi ameneyo. Lachiwiri lapitali adabwera aNaphiri ndi amuna awo. Adakhala pakhonde. AMbewe adati, "Ndidafika pakhomo la amene akuyendetsa misonkhano. Kawiri. Akazi angawa ndiwo adandibweza. Kumsonkhano sindikutengerani. Koma pali anthu adanyozedwa m'malo mwanu. Mukaime pamaso pa mpingo, mukanene ndi pakamwa panu."

ANaphiri adati, "Aphunzitsi, musaganize kuti n'chaching'ono. Mwana wanga ali m'dothi. Manja angawa sadzawongokanso. Koma m'kalaboso muja ndidaona zimene mantha amachita ndi munthu. Ndidapempha Mulungu kuti akadzandionetsa amene adandipereka, adzandipatsenso mphamvu yoti ndisamufunire imfa. Ndapemphera masabata atatu. Ndakukhululukirani. Mtima ukuwawabe, koma ndakukhululukirani."

N'chifukwa chake ndaima pano. Inu amene mudalozedwa zala chifukwa cha ine, simudalakwe, wolakwa ndi uyu mukumuonayu. Ndikhululukireni. Inu mudali ana a m'kwaya, ndidakutengerani kutsidya kukafuna ulemu wanga, ndipo ndidalipira ndi moyo wa khanda. Ndikhululukireni. Akulu a mpingo, chilango chilichonse mungandipatse ndichilandira. Ndipo ngati zimene ndanenazi zikafika kumsonkhano kudzera mwa wina, ndipita ndi miyendo yanga, sindithawa.

Lusiya sali muno lero. Sadandikhululukire, ndipo ndikupempha kuti pasapezeke munthu wopita kukamukakamiza. Musakamuwerengere mavesi. Ali ndi chifukwa. Mumupempherere, ndipo mukakumana naye mumuuze chinthu chimodzi chokha, chimene ndidayenera kumuuza ine panjira paja: kuti sadalakwe.

Mwina mukufunsa kuti nanga chokondwerera n'chiyani mu umboni woterewu? Tomasi sadzuka. Zaka za mwana uja sizibwerera. Ndikadamvera abusa akale, ndikadakana chidindo chija, ndikadayenda kamtunda kakang'ono kaja, bwenzi lero tikunena zina. Zimenezi ndidzapita nazo kumanda.

Koma tamverani zimene Ambuye achita. Sadandilole kufa ndi bodza m'kamwa. Adandisaka mpaka adandipeza, ine amene ndinkabisala ngakhale kwa mkazi wanga. Adachotsa mlandu pamutu pa mwana wosalakwa n'kuubwezera kwa mwini wake, ndipo ngakhale ukulemera, ndikuusenza tsopano ndili ndi Mpulumutsi, osati ndekha. Ndikudya. Kachasu ndasiya. Ndikutha kunena kuti "Atate" mawu n'kutuluka.

Ndipo m'mawa uno, ndikulowa muno, ndidaima pakhomo osadziwa pokhala. Ndidati ndikhale pansi kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Benchi la abambo lidali lodzaza. Ndidangoona munthu wina akusuntha, akukoka mwendo wake wolumala kuti pakhale malo. Adali aMbewe. Sadamwetulire, sadandigwire chanza. Adangogogoda pabenchipo ndi chala, n'kunena kuti, "Khalani apa."

Ndathokoza aMbewe. Ndathokoza aNaphiri. Ndathokoza mayi a kunyumba amene adapirira nane, ndi inu abusa amene simudandibisire choona. Koposa onse ndathokoza Yesu, amene amalandira anthu onga ine. Ine mawu oimbira adandithera, ndipo sindiyeneranso kuimika dzanja pamaso panu. Tsono ndithandizeni ndinu. Amene angathe, ngakhale misozi ili m'maso, aimirire akondwere nane, pakuti ndidali wotayika m'kati mwa mpingo womwe uno, ndipo Mulungu wandichitira chifundo. Amayi, yambitsani nyimbo inu.

Amen.